Njoka siidzakukondani, nde mukuifuniranji?

Munthu akanena kuti wagula njoka yoti aziweta m'nyumba, funso limene amalandira ndi limodzi basi kaya ali dziko liti: "Zoona? Chifukwa chani?" Wogula galu safunsidwa zimenezi, wa mphaka naye ayi, olo wa tinsomba ta mu thanki palibe amamuvutitsa, koma wa njoka amayenera kufotokoza mpaka kukhosi kuuma. Nde poti amafunsidwa pafupipafupi, eni njoka anazolowera mayankho awo, ndipo mukawamvetsera bwino mupeza kuti akungozungulira pa zifukwa zomwezomwezo. Ndinene poyambirira pomwe kuti ine sindikudana ndi zoweta njoka ayi. Chimene ndikulimbana nacho ndi zifukwa zina zimene anthu amalowera nazo, makamaka chija chimatchulidwa kwambiri, chakuti njoka ndi chiweto chosavuta.

Mbali ina ndi zoona ndithu. Njoka siuwa usiku, siikanda mipando, siifuna kuti muziyenda nayo m'mawa ndi madzulo, mukachoka siilira. Yaikulu imadya kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, chimbudzi chake nachonso ndi cha apo ndi apo, moti munthu wogwira ntchito mpaka usiku, kapena wokhala mu fulati yaing'ono mmene landilodi anakaniza agalu ndi amphaka, akamva zimenezi amangoti eya chiweto changa ndachipeza. Palinso aja ubweya umawawenga, oti akangoyandikira mphaka maso psuu, kuyetsemula osalekeza, kwa iwowa nyama yopanda ubweya ndi mwayi weniweni. Zifukwa zimenezi sindikuzinyoza, ndi zomveka.

Vuto ndi loti anthu amasokoneza zinthu ziwiri, nyama yosavuta ndi nyama yosadandaula. Njoka siipanga yokha kutentha kwa m'thupi ngati ife, kutchire ikazizidwa imakaothera dzuwa, ikatenthedwa imalowa kuuna, koma mukaiika mu bokosi la galasi ndiye kuti dzuwa lake ndinu, mthunzi wake ndinu, mvula yakenso ndinu. Titenge ball python, kansato kakang'ono kochokera ku West ndi Central Africa kamene anthu ambiri amayambira, kamafuna mbali imodzi ya bokosi itenthe madigiri 31 kapena 32, mbali inayo izizirepo cha m'ma 25 kapena 26, chinyezi chisatsike kwambiri, malo obisala akhale awiri kuti isamasankhe pakati pa kufunda ndi kubisala, ndipo chotenthetsera chilichonse chikhale pa thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyezo. Popanda thermostat njoka imatha kugona pa chinthu chotentha mpaka mimba kupsa osasuntha, siikuwa, siithawa mwachangu ngati galu, inu mudzangoona zilonda pakapita masiku. Chinyezi chikachepa siifundula bwino, khungu lakale limatsalira m'maso ndi kunsonga kwa mchira ndipo likamangirira kumchirako kansongako kamatha kufa. Kukazizira nthawi yaitali imadwala m'mapapo, chizindikiro chake ndi kaphokoso kochepa popuma ndi thovu kukamwa, zinthu zoti munthu wotanganidwa uja, amene anaigula dala chifukwa alibe nthawi, sangazione msanga. Mwaona pamene pali nkhani? Chifukwa chimene anaigulira ndi chomwecho chimene chidzaiphe. Ndipo tsiku limene mwazindikira kuti yadwala mupeza kuti si dokotala wa ziweto aliyense amene amadziwa za njoka, ambiri anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe, mumayenda kumufunafuna.

Ndiye pali zaka. Apa mpamene ambiri samawerengera bwino. Corn snake, ija ya kum'mwera chakum'mawa kwa United States imene amati ndi yofatsa kwambiri kwa oyamba kumene, ikasamalidwa imakhala zaka 15 mpaka 20. Ball python zaka 20 mpaka 30 si zachilendo, ndipo mu 2020 ku Saint Louis Zoo kunali ina ya zaka pafupifupi 62 imene inaikira mazira. Tangoganizani mnyamata wa zaka 19 ali pa koleji, wagula kanjoka kotalika ngati lula, sakudziwa kuti adzagwira ntchito kuti, adzakwatira ndani, kaya mkaziyo adzalola kugona nyumba imodzi ndi nsato, kaya adzasamukira dziko lina, koma kanjoka kaja kadzakhalapobe iye akukwanitsa zaka 45. Galu olo mumukonde bwanji nthawi zambiri zaka 15 sapyola kwenikweni. Njoka imene amati ndi yosavutayo ndi imene ikutengereni gawo lalikulu la moyo wanu.

Komanso ball python ili ndi khalidwe lina lotopetsa, imangosiya kudya. Miyezi iwiri, itatu, pena kuposa, ili bwinobwino koma mbewa osaiyang'ana n'komwe. Wodziwa amaiyeza sikelo n'kudikira, woyamba kumene tulo timamuthera.

Chifukwa chachiwiri chimene ndimachimva kwambiri ndi cha mantha, akuti "ndinkaopa njoka koopsa nde ndinagula kuti mantha athe." Ichi chimandigwira mtima pang'ono chifukwa mantha a njoka si uchitsiru. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha. Koma mitundu ya njoka ilipo pafupifupi 4,000, ya ululu ndi cha m'ma 600, ndipo yoopsa kwenikweni kwa munthu ndi pafupifupi 200 yokha, kutanthauza kuti zambiri timangoziopera mlandu wa anzawo. Mbali ina ya manthawa timachita kuphunzira. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wina, Susan Mineka, anaonetsa kuti anyani obadwira mu labu sankaopa njoka, koma atangoona anzawo ogwidwa kutchire akunjenjemera nayo, nawonso anayamba kuopa ndipo manthawo sanachoke msanga. Nde ngati mantha amaphunziridwa, amathanso kuchotsedwa, ndipo ndi zoona kuti munthu akagwira njoka yofatsa koyamba amadabwa, ambiri amayembekezera chinthu chonyowa choterera koma amapeza chouma, chosalala, champhamvu ngati mnofu wokhawokha.

Funso langa ndi lakuti, kodi kuti mantha athe mpaka muigule? Mantha amatha pa mwezi umodzi kapena iwiri, ntchito imene munaigulira yatha, njoka yatsala ndi zaka 25. Njoka si mankhwala oti mukachira mutaye botolo. Pitani kumalo osungira nyama kumene amalola kugwira, kapena kwa munthu amene akuweta kale, igwireni kangapo mpaka manja asiye kunjenjemera, mukaona kuti mantha atha koma chidwi chatsala, pamenepo tikambirane. Alipo ndithu amene analowera khomo la mantha n'kukhala osamala njoka abwino kwambiri, koma chimene chinawasunga si mantha aja, ndi chidwi chimene chinabwera pambuyo.

Za oshaina sinditaya nthawi yambiri. Mukuwadziwa, njoka pakhosi, chithunzi pa Instagram, kavidiyo pa TikTok, alendo akabwera kuitulutsa kuti akazi akuwe. Munthu wotere kanjoka kakang'ono sikamukwanira, amafuna chachikulu choti anthu agwire pakamwa, nde amakatenga Burmese python ili kamwana ka theka la mita osafunsa kuti idzafika pati. Imafika mamita anayi, asanu, imafuna chipinda chake, kuinyamula mpaka mukhale awiri kapena atatu, ndipo chakudya chake sikhalanso mbewa. Zotsatira zake pitani ku Florida mukaone. Nsato zimenezi kwawo ndi ku Southeast Asia koma zinakhazikika m'madambo a Everglades kudzera mu malonda a ziweto, zina zothawa zina zotayidwa dala ndi eni ake atatopa nazo, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti m'madera amene zachuluka nyama zakutchire zotchedwa ma raccoon ndi ma opossum zinatsika ndi pafupifupi 99 peresenti, akalulu osaonekanso. Chaka chomwecho boma la United States linaletsa kulowetsa nsato za mtunduwu m'dzikomo, kuyambira 2013 ku Florida amachititsa mpikisano wozisaka, ndipo mu 2023 anagwira ina yotalika pafupifupi mamita 5.8. Matama a anthu ochepa, dera lonse likulipira mpaka lero. Ofuna kuyamba ndi njoka ya ululu aja sindikamba nawo n'komwe, amenewo akuika pachiswe osati moyo wawo wokha komanso wa aneba.

Chifukwa china chimene chakula masiku ano ndi mitundu, ndikutanthauza makaka. Kale ball python inali ya bulawuni ndi yakuda basi. Mu 1992 Bob Clark wa ku United States anaswetsa ma albino oyamba, oyera ndi chikasu, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zinapenga, lero kuli ma morph, kutanthauza mitundu ya maonekedwe, masauzande, zina zoyera mbee maso a buluu, zina zamawangamawanga ngati wazithira penti, ndipo morph ikakhala yatsopano imagulidwa madola masauzande. Kukongola ndi kokongola, sindinama, munthu ukaona zithunzi zake umamvetsa chifukwa chake wina amene sanaganizepo za njoka moyo wake wonse amapezeka walipira dipoziti usiku womwewo. Koma paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pali morph ina yotchuka yotchedwa spider, chibadwa chimene chimabweretsa maonekedwe okongolawo chimabweranso ndi vuto loti mutu umagwedera, ina pang'ono ina kwambiri mpaka kuphonya chakudya kapena kupotokola khosi chagada, oswetsa amadziwa zimenezi koma ena amapitirizabe poti zikugulidwa. Ndipo amene walowera khomo la makaka kawirikawiri saima pa imodzi, amafuna ina, kenako ina, mapeto ake njoka 30 zili m'madirowa apulasitiki osanjikizana, iliyonse mu kabokosi koti singatambasuke thupi lonse. Apo ine ndimati si kuwetanso, ndi kutolera katundu amene akupuma.

Pomwepa ndionjezere kuti funsani kumene njokayo yachokera. Ma ball python ambirimbiri akhala akutumizidwa kunja kuchokera ku Ghana, Togo ndi Benin, ena ogwidwa kutchire, ena oswedwa kuchokera ku mazira otoledwa kutchire. Malondawa amayendetsedwa pansi pa pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire la CITES limene linasainidwa ku Washington mu 1973, koma pepala kukhalapo sizitanthauza kuti nyamayo yayenda bwino, yogwidwa kutchire imafika ndi nkhupakupa, njoka zam'mimba, sitiresi, ndipo ndi imene imakana kudya kwambiri. Woyamba kumene atenge yobadwira m'manja mwa oweta, imene yadya kale kangapo, ndipo wogulitsa akhale woti angakuuzeni tsiku limene inaswa ndi limene inadya komaliza. Akamazemba mafunso amenewa musagule.

Makolo ogulira mwana chifukwa walira, mawu awiri okha. Mwana wa zaka 10 adzachoka pakhomo njoka isanafike olo theka la moyo wake, nde dziwani kuti mukudzigulira nokha. Chachiwiri, njoka ndi abuluzi zimanyamula tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Salmonella m'matumbo zili bwinobwino, kusamba m'manja mukaigwira si nkhani yokambirana, ndipo a bungwe la zaumoyo la CDC ku United States amalangiza kuti nyumba imene muli ana osakwana zaka 5 isamasunge nyama za mtunduwu.

Tsono wina anena kuti, ngati mavuto ndi ochuluka chonchi bwanji osangoti njoka isamawetedwe basi, malo ake ndi kutchire? Mfundo imeneyi siyopepuka ndipo amene amainena si opusa. Galu wakhala ndi munthu zaka masauzande ambiri mpaka anasintha, amafuna munthu, pamene njoka ikadali mmene inalili, siipindula kanthu ndi nkhope yanu. Ndikuvomereza kuti njoka zambiri zimene zili m'nyumba za anthu zikukhala moyo wosayenera. Koma sindivomereza kuti zonse. Corn snake imene makolo ake ndi agogo ake anabadwira m'mabokosi, ili mu khola lotalika moti ingatambasuke, muli nthambi zokwera, dothi lokumba, mobisala, kutentha koyenera, chakudya chosasowa, kabawi kulibe, galimoto yoiponda kulibe, ine sindingaloze chala n'kunena kuti nyama imeneyo ikuzunzika. Komanso munthu amene wakhala ndi njoka m'nyumba sathamangira ndodo akaona ina panja, amayamba wafunsa kuti ndi mtundu wanji, ndipo ana ake ndi anzake amatengera. Phindu limenelo ndi lenileni kwa njoka zakutchire, zimene zambiri zimaphedwa popanda mlandu pomwe zikutithandiza kuchepetsa makoswe.

Nde chifukwa chabwino ndi chiti? Kwa ine ndi chimodzi, ndipo eni ake sachinena mokweza chifukwa sichimveka chapamwamba: amangokonda kuiyang'ana. Basi. Ndi anthu oti akhoza kukhala theka la ola akuonerera lilime likutuluka n'kubwerera, akudziwa kuti ikutola fungo mumpweya n'kulipereka ku kachiwalo kakumwamba m'kamwa, ndipo poti lilimelo ndi la mphanda imatha kudziwa mbali imene fungo likuchokera. Oti amadikira sabata imene khungu lichite mbuu maso n'kusanduka abuluu ngati muli mkaka, akudziwa kuti yatsala pang'ono kufundula nde asaivute poti siikuona bwino, kenako m'mawa wina kupeza khungu lonse lavulidwa lathunthu kuyambira kumlomo mpaka kumchira, ndi timagalasi ta m'maso tomwe, poti njoka ilibe zikope. Oti amachita chidwi ndi timaenje ta pamlomo pa nsato timene timamva kutentha kwa nyama mumdima, kapena mmene imamezera chinthu chachikulu kuposa mutu wake, osati chifukwa nsagwada zaguluka ngati mmene anthu amanenera, koma chifukwa mbali ziwiri za nsagwada yam'munsi sizinalumikizane ndi fupa kutsogoloku, nde imayendetsa mbali imodzi kenako inayo mpaka chakudya chalowa. Munthu wotere zaka 25 sizimuopsa chifukwa sakudikira kuti njoka imuchitire kanthu.

Chifukwa kunena zoona, abale anga, siidzakuchitirani kanthu. Siidzakuthamangirani pakhomo, dzina limene mwaipatsa siidzalidziwa, ilibe n'komwe makutu akunja, imamva kwambiri kunjenjemera kwa pansi ndi maphokoso otsika. Eni ena amakakamira kuti "yanga imandidziwa, imakonda kukhala pakhosi panga," ndipo ine sinditsutsa kuti imazolowera fungo lanu ndi kagwiridwe kanu mpaka kusiya kudzipinda ngati mpira mukaitola, zimenezo zimachitika ndipo zimasangalatsa. Koma pakhosi panupo chimene yapezapo ndi kutentha ndi pogwira. Ena amati kulemera kwake ndi kuyenda kwake pang'onopang'ono m'manja kumawakhazika mtima pansi akakhala ndi nkhawa, ndikukhulupirira, palibe cholakwika, bola adziwe kuti mtenderewo akuupeza ndi iwo, njokayo ikungowalolera. Amene akufuna chikondi chobwezedwa akatenge galu, adzasangalala onse awiri. Amene wamva kuti siidzamukonda n'kuyankha kuti "ndikudziwa, ndikuifunabe," ameneyo ine ndilibe naye mlandu.

Olo zili choncho pali zoti achite asanapereke ndalama. Lamulo kaye, chifukwa si kulikonse kumene amalola, ku New Zealand ndi ku Hawaii njoka ndi yoletsedwa kuweta, ndipo a ku Hawaii ali ndi chifukwa, anaona mmene njoka yotchedwa brown tree snake inathera mbalame za m'nkhalango pa chilumba cha Guam italowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Ku UK za ululu zimafuna laisensi pansi pa lamulo la 1976, kwina malamulo amasiyana mzinda ndi mzinda. Kenako anthu okhala nawo nyumba, afunseni zenizeni osati kuwadzidzimutsa bokosi lafika kale, poti njoka ndi akatswiri othawa, kampata kochepa pa chivundikiro corn snake yatuluka, ndipo amene adzaipeze kuseri kwa fuliji mwina si inu. Khola likonzedwe ndi kuyesedwa kutentha masiku angapo njoka isanabwere, muganizirenso kuti magetsi akazima usiku wozizira mudzatani.

Chomaliza ndi chakudya, chimene chimagwetsa anthu ambiri kuposa zonsezi. Njoka siidya masamba, siidya timabisiketi ta mu paketi, imadya nyama yathunthu ndi ubweya womwe. Njira yabwino ndi mbewa kapena makoswe ophedwa kale n'kuumitsidwa mu fuliji, chifukwa khoswe wamoyo akasiyidwa mu khola njoka isakufuna kudya amatha kuiluma mpaka kuivulaza koopsa. Kutanthauza kuti mu fuliji yanu mudzakhala paketi ya makoswe akufa, tsiku lodyetsa muzitulutsa mmodzi, kumusungunula, kumufunditsa m'madzi otentha pang'ono, kumugwira ndi chopanira n'kumugwedeza pamaso pa njoka, ikadya muisiye masiku awiri osaigwira kuti isasanze, ikakana mukataye. Nde ine ndimauza aliyense amene akuti akufuna njoka yake yoyamba kuti agule kaye paketi ya mbewayo, aiike mu fuliji sabata imodzi, aone ngati iye ndi a m'nyumba mwake akutsegulabe chitseko chake bwinobwino.